Ndani waima patsogolo pa ndani: Ravens ndi Chiefs pa usiku wotsegulira NFL mu 2024

Kwa sabata yathunthu tsiku la 5 Seputembala 2024 lisanafike, nkhani inali imodzi: Patrick Mahomes akukumana ndi Lamar Jackson. Zithunzi zawo zinkaikidwa moyang'anizana ngati za ankhonya awiri, wina wa Kansas City Chiefs, wina wa Baltimore Ravens. Aliyense anali atasankhidwapo kawiri kukhala wosewera wopambana onse mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, Mahomes mu 2018 ndi 2022, Jackson mu 2019 ndi 2023. Koma anthu awiriwa saponda bwalo nthawi imodzi. Onse ndi ma quarterback, otsogolera gulu limene lili ndi mpira, ndipo wina akamasewera mnzakeyo amakhala pa benchi. Mahomes sangamugwetse Jackson, Jackson sangamutchinge Mahomes. Amene akufuna kumvetsa masewero otsegulira ligi ayenera kuchotsa maso pa mayina awiriwo n'kufunsa funso lina: pa anthu 22 amene ali m'bwalomo, ndani waima patsogolo pa ndani, ndipo pa awiriwo wofooka ndi uti?

Funsoli limalemera kwambiri mu mpira wa ku America kuposa mu mpira wamiyendo chifukwa cha mmene masewerowa amayendera. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata 4, imene amaitcha ma down, kuti isunthe mayadi 10. Yadi imodzi imaperewera pang'ono kukwana mita. Ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina 4, mpaka ikalowetse mpira m'chigawo cha kumapeto kwa bwalo, chigoli cha mapointi 6 chotchedwa touchdown, chimene chimabwera ndi mwayi wowonjezera pointi imodzi kapena 2, kapena imenye mpira pakati pa mitengo n'kupeza mapointi 3. Mpata uliwonse umatha m'masekondi ochepa, kenako onse amaima, ndipo pamakhala masekondi 40 oti makochi asankhe njira ina, asinthe osewera, aike munthu uyu apa ndi uyo apo. Zimafanana ndi bawo: wodziwa amayamba wawerenga maenje a mnzake asanatape ake. Kochi akaona kuti mnzake ali ndi munthu mmodzi amene sangapirire, amamutumizira katswiri wake mobwerezabwereza mpaka winayo apeze chochita.

Masewero otsegulira ligi ali ndi vuto lawolawo. Osewera odalirika sasewera kwenikweni m'masewero oyeserera a mu Ogasiti, poopa kuvulala. Makanema a chaka chatha, amene makochi amakhala nawo usiku wonse, amaonetsa timu imene kulibenso, chifukwa ena anachoka ndipo ena angofika kumene. Choncho wofooka wa usiku woyamba nthawi zambiri amakhala watsopanoyo: mnyamata wochokera ku koleji, munthu wasinthidwa malo, kapena kochi amene akulamula koyamba. Mwambo wa NFL ndi woti akatswiri a Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho cha ligi, ndiwo kawirikawiri amalandira masewero oyamba kwawo, Lachinayi usiku, ndipo a Chiefs anali akudziwa kale kuti ulemu umenewu suteteza munthu. Chaka chimodzi m'mbuyomo, pa 7 Seputembala 2023, anatsegulira ligi popanda Travis Kelce, amene anavulala bondo, ndi Chris Jones, amene anali pa mkangano wa malipiro. Detroit Lions inawagonjetsa 21-20 pakhomo pawo. Mahomes analipo usiku umenewo, koma anthu awiri amene amapambana nkhondo zawo za mmodzi ndi mmodzi kunalibe.

A Ravens anabwera ku Arrowhead, bwalo la Chiefs, ndi bala la pa 28 Januwale 2024. Tsiku limenelo, kwawo ku Baltimore, anagonja 17-10 kwa a Chiefs omwewa pa masewero olimbirana malo mu Super Bowl. Chimene chinapweteka kwambiri si kugonjako ayi, koma mmene anagonjera. Timu imene inatsogola ligi yonse pothamanga ndi mpira inapatsa ma running back ake, anthu amene ntchito yawo ndi kuthamanga ndi mpira, mpira ka 6 kokha masewero onse. Inasiya chimene imadziwa n'kumaponya, monga mmene Steve Spagnuolo, kochi wa otchinga a Chiefs, ankafunira. Mu Malichi anayankha posainitsa running back Derrick Henry kuchokera ku Tennessee Titans, munthu wa mamita 1.91 ndi makilogalamu pafupifupi 112, amene mu 2020 anathamanga mayadi 2,027 mu sizoni imodzi. Ambiri anati nkhondo yoyamba ya usikuwo ndi Henry ndi Nick Bolton, linebacker wa pakati wa Chiefs, kutanthauza wotchinga woima kuseri kwa mzere wakutsogolo.

Ine sindinagwirizane nazo, ndipo mpaka pano ndimaona kuti nkhondo ya Henry inali m'manja mwa anthu ena. Henry ndi munthu wofuna njira. Akaponda masitepe angapo osakhudzidwa, liwiro ndi thupi lake zimagwirizana ndipo kumugwetsa kumafuna anthu awiri kapena atatu. Koma ukamugwira miyendo asanayambe, amagwa ngati wina aliyense. Njira imeneyo amamutsegulira anthu 5 a kutsogolo, otchedwa offensive line: center amene amayambitsa mpira, ma guard awiri m'mbali mwake, ndi ma tackle awiri kumapeto. Pa anthu 5 amene anasewera mu 2023, atatu anali atachoka. Kevin Zeitler anapita ku Detroit, John Simpson ndi Morgan Moses ku New York Jets. Anatsala Ronnie Stanley kumanzere ndi Tyler Linderbaum pakati. M'malo mwa ochokawo munalowa Andrew Vorhees, amene sanasewere chaka chonse cha 2023 chifukwa cha bondo, Daniel Faalele wa ku Australia, chimphona cha mamita oposa 2 chimene chinali tackle koma tsopano chaikidwa pa guard, ndi Patrick Mekari kumanja, akusinthana ndi mnyamata watsopano Roger Rosengarten. Pamwamba pa zonsezi, kochi wawo wa zaka zambiri, Joe D'Alessandris, anamwalira pa 25 Ogasiti, patangotsala masiku 11 kuti masewero achitike. Anthu a mzere umenewu amagwira ntchito ngati opalasa bwato limodzi, aliyense kudziwa kumene mnzake apalasire popanda kuyang'anana, ndipo kudziwana kotere kumafuna nthawi imene iwo analibe.

Patsogolo pawo panaima Chris Jones, nambala 95. Jones ndi defensive tackle, kutanthauza kuti malo ake enieni ndi pakati, moyang'anizana ndi ma guard. Ndi wa mamita 1.98, wolemera makilogalamu pafupifupi 140, ndipo mu Malichi chaka chomwecho a Chiefs anamupatsa kontilakiti ya zaka 5 ya madola 158.75 miliyoni. Ndalama zotere sapatsa munthu chifukwa cha mphamvu zokha. Chimene chimamusiyanitsa ndi anzake n'choti manja ake ndi achangu ngati a munthu wamng'ono thupi, ndipo Spagnuolo amamuyendetsa. Mpata uno ali pa guard wakumanzere, winawo ali kumanja, ndipo zikafika poti aponye basi, amamutulutsa kunja kuti akakumane ndi tackle. Timu ikafuna kumuika anthu awiri, iyenera kudziwa kaye kumene waima, ndipo pofika nthawi imeneyo masekondi 40 aja atsala pang'ono kutha. Anthu awiri akapita kwa Jones, George Karlaftis kapena wina wa kumapeto amatsala ndi munthu mmodzi yekha. Umu ndi mmene munthu mmodzi amasinthira ntchito ya anthu 5.

Zimene zinachitika zinaonetsa nkhaniyi poyera. Ravens inayamba bwino, Henry analowetsa touchdown yoyamba ya sizoni kuchokera mayadi 5. Koma m'chigawo chachiwiri cha masewero Rosengarten analowa, ndipo pa mpata wake woyamba weniweni mu NFL anapeza Jones ataima patsogolo pake. Jones anamudutsa, anafika pa Jackson, n'kumugwetsa mpira uli kuthawa m'manja. A Chiefs anautola pafupi ndi golo ya Ravens ndipo anapezapo mapointi 3. Sindikhulupirira kuti Jones anapezeka pamalo amenewo mwangozi. Mnyamata amene sanasewerepo akalowa, benchi ya adani imamuona, ndipo imamutumizira munthu wovuta kwambiri imene ili naye asanazolowere. Rosengarten anakhala wosewera wabwino sizoni itapita patsogolo, koma usiku umenewo anali watsopano, ndipo zimenezo zinali zokwanira. Henry anamaliza ndi mayadi 46 pa maulendo 13. Munthu yemweyo anamaliza sizoni ya 2024 ndi mayadi 1,921. Kusiyana kwa usiku woyamba ndi miyezi yotsatira sikunali m'miyendo yake, kunali mwa anthu omutsegulira njira.

Panali mdani winanso wa mzere umenewu amene sanavale yunifolomu. Bwalo la Arrowhead, lolowa anthu oposa 70,000, lili ndi mbiri ya phokoso lalikulu kwambiri pa bwalo lamasewero, ma decibel 142.2, imene linaika mu Seputembala 2014. Masapota amakuwa dala pamene alendo ali ndi mpira. Tackle, amene amaima kutali ndi quarterback, samva mawu oyambitsira, ndiye amayang'ana mpira ndi diso limodzi uku diso lina lili pa munthu amene akubwera. Kuchedwa kwa kaphindi kakang'ono kumeneko n'kumene wothamangitsa quarterback amadyerapo. Pofuna kudziteteza, ma tackle ambiri anazolowera kuima chakumbuyo pang'ono, kuti akhale atatsogola kale pobwerera m'mbuyo. Lamulo limati anthu 7 akhale pa mzere, ndipo chipewa cha aliyense wa iwo chifike pa mulingo wa chiuno cha center. Mu 2023 anthu anadandaula kwambiri za kaimidwe ka Jawaan Taylor wa Chiefs, ndipo ligi inauza oyimbira kuti mu 2024 akhwimitse. Amene anagwa m'mbunamo usiku woyamba sanali Taylor, anali Stanley wa Ravens, amene anamuimbira katatu pa mlandu umenewu. Chilango chake ndi mayadi 5 okha, koma choopsa chili pena: tackle akakakamizidwa kusendera kutsogolo, wataya sitepe imene amadalira.

Tikatembenuka kuona mpira uli kwa Chiefs, dzina limene aliyense ankatchula linali la Kelce ndi Kyle Hamilton wa Ravens. Apa pafunika kufotokoza chifukwa chake tight end wabwino ngati Kelce, wosewera wamkulu thupi amene amatchinga komanso kuwakha mpira, amavutitsa. Kelce ndi wa mamita 1.96. Ukamuikira cornerback, munthu wachangu koma wochepa thupi, amamutchinga ndi thupi n'kuwakha mpira. Ukamuikira linebacker, wamphamvu koma wolemera, amamusiya pokhota. Ndipo luso lake lalikulu si liwiro, chifukwa pa nthawiyo anali ndi zaka 34. Luso lake ndi kuwerenga. Otchinga akamalondera malo m'malo molondera munthu, pakati pa malo awiri pamatsala kampata, ndipo Kelce amakapeza n'kuimapo, nthawi zina kusiya njira imene anauzidwa, Mahomes n'kudziwa kale kuti atero. Hamilton, safety (wotchinga wa kumbuyo kwenikweni) wa mamita 1.93 wochokera ku koleji ya Notre Dame, ndi mmodzi mwa anthu ochepa amene ali ndi msinkhu ndi liwiro zoti n'kuyenda naye. Ngakhale zinali choncho, mu Januwale muja Kelce anaponyeredwa mipira 11 n'kuwakha yonse 11, mayadi 116, ndipo touchdown yake anaiwakha Hamilton atamumatirira pamsana.

Usiku wotsegulira, Kelce anawakha mipira 3 yokha, mayadi 34. Wowerenga manambala okha anganene kuti Ravens inapambana nkhondo imeneyo, ndipo n'zoona. Koma apa ndi pamene ndimafuna kuti woonera aliyense aime kaye. Otchinga ndi anthu 11 basi. Ukaika maso awiri pa Kelce, ndipo ukasiya ma safety kumbuyo poopa liwiro la munthu wina, pakati pa bwalo pamatsala ma linebacker okhaokha. Andy Reid, kochi wamkulu wa Chiefs, ndi katswiri wosanja osewera kuti munthu amene akumufuna agwere pa mdani amene akumufuna. Anamuika Rashee Rice, wide receiver, kutanthauza wothamangira kukawakha mpira, chamkati, kumene womulondera ankakhala linebacker, ndipo Mahomes ankamuponyera msangamsanga akudutsa chopingasa. Roquan Smith wa Ravens ndi mmodzi mwa ma linebacker abwino kwambiri mu ligi, ndipo usiku womwewo anawakha mpira wa Mahomes chakumapeto kwa theka loyamba, koma kuthamanga ndi wide receiver pamalo otakasuka si ntchito yake. Mnzake wa chaka chatha, Patrick Queen, anali atapita ku Pittsburgh Steelers. Rice anamaliza ndi mipira 7, mayadi 103. Mayadi amene Kelce anamanidwa sanasowe, anangosamukira kwa munthu wina.

Munthu wa liwiro uja anali Xavier Worthy. Mu Malichi 2024, pa mayeso a osewera ochokera ku koleji ku Indianapolis, anathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.21, mbiri yatsopano ya mayesowo. A Chiefs anasinthana malo ndi Buffalo Bills kuti amusankhe pa nambala 28 pa chisankho cha osewera ochokera ku koleji. Chifukwa chake chinali chodziwika: chichokereni Tyreek Hill, receiver wawo waliwiro, mu 2022, matimu sankaopanso mpira wautali wa Mahomes monga kale, ndipo mu 2023 ma receiver a Chiefs anagwetsa mipira yambiri. Marquise Brown, amene anamubweretsa pa ntchito yomweyo, anavulala pa masewero oyeserera, choncho katundu yense anagwera mnyamata wa zaka 21, wowonda, wa makilogalamu pafupifupi 75. Funso linali loti kaya ma cornerback a Ravens amugwira pa mzere asanatseguke. Reid sanadikire yankho. Anamuyendetsa chopingasa kuseri kwa mzere n'kumupatsa mpira m'manja, ndipo nthawi yoyamba imene Worthy anakhudza mpira mu NFL anathamanga mayadi 21 mpaka touchdown.

Touchdown yake yachiwiri, ya mayadi 35 m'chigawo chomaliza, imaphunzitsa zambiri kuposa yoyambayo, chifukwa sanapambane munthu aliyense. Marlon Humphrey, cornerback wa Ravens, anamusiya adutse ngati munthu wodziwa kuti kumbuyo kuli mnzake woti amulandire, koma kumbuyoko kunalibe munthu. Kusamvana kotere kuli ndi gwero lake. Mu 2023 otchinga a Ravens anatsogola ligi pa zinthu zitatu nthawi imodzi: kuchinyitsa mapointi ochepa, kugwetsa ma quarterback ka 60, ndi kulanda mipira. Ubongo wa gulu limenelo, Mike Macdonald, anapita kukakhala kochi wamkulu wa Seattle Seahawks, ndipo ena mwa omuthandiza anamwazikanso. Mpando wake anaupatsa Zach Orr, wa zaka 32, amene kale anali linebacker wa timu yomweyi. Njira ya Macdonald imadalira kubisa: otchinga amaima ngati achita china, mpira ukangoyamba n'kuchita china. Ikayenda, quarterback amasokonezeka. Koma imafuna kuti anthu onse 11 amve chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo mmodzi akamva mosiyana, bwalo limatseguka ngati chitseko. Orr ankalamula koyamba m'moyo wake, ndipo mbali inayo kunali Reid, amene wakhala kochi wamkulu mu NFL kuyambira 1999. Nkhondo imeneyi sinkaoneka pa zikwangwani, koma inabala mapointi 7, ndipo masewero anatha ndi kusiyana kwa mapointi 7.

A Chiefs nawonso anali ndi watsopano wawo pamalo oopsa. Tackle wakumanzere ndi amene amateteza msana wa quarterback woponya ndi dzanja lamanja, mbali imene iye saona. Anaikapo Kingsley Suamataia, mnyamata wochokera ku koleji ya BYU. Pakati anali olimba kwambiri, Joe Thuney, Creed Humphrey ndi Trey Smith, ndipo atatuwa ndiwo anali ndi ntchito yoletsa Nnamdi Madubuike, defensive tackle wa Ravens, amene mu 2023 anagwetsa ma quarterback ka 13. Kumanzereko ndi kumene Ravens inayenera kugogoda. Usiku umenewo Mahomes anabisa bala limeneli poponya msanga ndi posuntha, ndipo anamaliza ndi mayadi 291. Koma bala lobisika silinapole. Sabata yotsatira, pokumana ndi Cincinnati Bengals, Suamataia anatulutsidwa masewero ali mkati. A Chiefs anayesa anthu ena, ndipo pomaliza anachotsa Thuney pa guard n'kumuika pa tackle, kufooketsa malo awiri pofuna kukonza amodzi. Pa 9 Febuluwale 2025 ku New Orleans, Philadelphia Eagles inamugwetsa Mahomes ka 6 ndipo inapambana Super Bowl 40-22. Amene anayang'ana kumanzere kwa mzere wa Chiefs mu Seputembala anali ataona kale kumene maloto otenga chikho katatu motsatizana adzathere.

Za Zay Flowers, receiver wa Ravens, ndi ma cornerback a Chiefs ndidutsapo msanga. L'Jarius Sneed, amene mu Januwale anamenya mpira kuchoka m'manja mwa Flowers atatsala pang'ono kulowetsa touchdown, anali atagulitsidwa ku Tennessee, ndipo Trent McDuffie ndiye anatsala ngati wamkulu. Anthu ankayembekeza kuti apa pang'ambika. Sipanang'ambike kwenikweni.

Pamene panang'ambika ndi pa miyendo ya Jackson. Mu mpira uwu muli masamu ena osavuta: quarterback akangopereka mpira kwa mnzake n'kuima, timu yake imasewera anthu 10 polimbana ndi 11. Quarterback wothamanga amabweza chiwerengerocho. Otchinga akamalondera munthu ndi munthu, amatembenuzira msana kwa iye, ndipo akaona misana amanyamuka. Mankhwala ake ndi kuika munthu mmodzi, amene amamutcha spy, woti asachite china chilichonse koma kumuyang'ana, koma munthu ameneyo wachotsedwa pa ntchito ina, ndipo ayenera kukhala wotha kumugwira Jackson pamalo otakasuka, chinthu chimene ma linebacker ochepa angathe. Spagnuolo amakonda kutumiza anthu owonjezera kuchokera mbali zosayembekezeka, zimene zimatchedwa blitz, ndipo akalephera kufika amasiya misewu. Jackson anathamanga ka 16, mayadi 122, kuposa Henry kawiri ndi theka, n'kuponyanso mayadi 273. Ndinasangalala kumuona, koma mtima unali m'mwamba, chifukwa ambiri mwa maulendo amenewo sanali okonzekera. Anali a munthu wothawa nyumba ikugwa, ndipo Henry anamubweretsa kuti Jackson asamagundidwe chotero.

Chida chimene Ravens inapeza usikuwo chinali Isaiah Likely. Mu 2024 timuyi inali ndi ma tight end awiri abwino, Mark Andrews ndi Likely, ndipo Todd Monken, amene anali kochi wa gulu lawo la mpira, akawaika onse pamodzi ankapatsa adani funso lopanda yankho labwino. Mukalowetsa ma linebacker atatu poopa Henry, mmodzi wa iwo ayenera kuthamanga ndi Likely. Mukalowetsa anthu ang'onoang'ono achangu, ma tight end awiriwo amawakankha ndipo Henry amadutsa. A Chiefs anasankha kutseka Andrews, dzina lodziwikalo, ndipo anawakha mipira 2 yokha. Zinali chimodzimodzi ndi za Kelce ndi Rice, kungoti mbali inayo. Likely anawakha mipira 9, mayadi 111, kuphatikizapo touchdown ya mayadi 49 kumayambiriro kwa chigawo chomaliza, pamene Jackson anathawa omuthamangitsa, Likely n'kusiya njira yake kukamuthandiza, kenako n'kupinda otchinga mpaka kumapeto.

Kwa ife oonera kuno ku Malawi, masewerowa anayamba itadutsa 2 koloko usiku wa Lachinayi kuchera Lachisanu, atachedwanso ndi mphindi pafupifupi 20 chifukwa cha nyengo yoipa ku Kansas City, choncho mphindi zomaliza zinafika kunja kukuyera. Chiefs inkatsogola 27-20. Ravens inalandira mpira mkati mwa dera lake, kutatsala mphindi zosakwana 2, ilibenso mwayi woimitsa nthawi. Jackson anaiyendetsa, ndipo mpira wautali kwa Rashod Bateman unawafikitsa pa mayadi 10. Panatsala nthawi ya mipata itatu. Woyamba anamulakwitsa Likely pakona. Wachiwiri Flowers anali yekhayekha m'chigawo cha touchdown, koma Jackson, akuthawa, anaponya pambali. Pa wachitatu, nthawi ikutha, anazungulira kuthawa omuthamangitsa n'kuponya chakumwamba kumapeto kwenikweni kwa bwalo, kumene Likely analumpha Bolton ali pambali pake, n'kuwakha. Oyimbira anakweza manja. John Harbaugh, kochi wa Ravens pa nthawiyo, amene anagwirapo ntchito pansi pa Reid ku Philadelphia, anaimika zala ziwiri: sankafuna kufananitsa mphamvu ndi pointi imodzi, ankafuna mapointi 2 kuti apambaniretu.

Lamulo la NFL limati wowakha mpira aponde mapazi onse awiri mkati, ndipo mzere woyerawo umawerengedwa kuti ndi kunja. Atabwereza kanema, nsonga ya nsapato yakuda ya Likely inaoneka itakhudza mzere woyera. Chigoli chinafafanizidwa, nthawi inali itatha, ndipo zinathera pa 27-20. Aka kanali kachisanu Jackson kugonja kwa Mahomes pa maulendo 6 amene matimu awo anakumana onse akusewera. Ravens inagonjanso sabata yotsatira kwa Las Vegas Raiders, kenako mzere wake wakutsogolo unakhazikika, Mekari atasamukira pa guard wakumanzere ndipo Rosengarten atatenga malo a tackle wakumanja, ndipo inamaliza sizoni itapambana masewero 12 pa 17.